Mwendo Wakumanzere wa Tanso

Lolemba, 4 Ogasiti

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi 14, pafupi ndi zenera loyang'ana kumene amayanika nsalu. Lagring, mkazi wanga, wandigulira kope ili pageti, akuti ndizilembamo zimene madokotala akunena chifukwa ine zikalowera khutu ili zimatulukira linali. Sakunama.

Dzina ndi Artemio Dimaculangan, koma pamsewu aliyense amati Mang Temyo, ngati kunena kuti a Temyo. Zaka 55. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyendetsa jipni, minibasi yathu ya kuno, kutenga anthu ku Cubao kukawasiya ku Divisoria, kubwerera, kupitanso. Shuga lero 388. Kutentha thupi 38.6.

Chandibweretsa ndi phazi lakumanzere. Chitsulo chapansi m'jipni, chapafupi ndi injini, chimatentha ngati chiwaya, ndipo ine ndimayendetsa nditavala patapata. Chinandiwotcha chidendene mu Juni osamva n'komwe. Ndinazindikira ndi fungo. Milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikutsuka ndi madzi a masamba a gwafa, lero ndi pano.

Phazi limeneli ndi la klatchi. Ndalemba kuti zidziwike.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Shuga m'mawa 301. Inshulini kawiri. Diripi ya mankhwala opha tizilombo, maola asanu ndi atatu alionse. Dokotala Sarmiento, mayi wamfupi wosadziwa kuzungulira polankhula, wapala chilonda mpaka pofiira. Wafunsa, akundiitana Tatay, ndiye kuti bambo, "Zikupweteka, Tatay?" Ndati ayi. Akuti, "Ndiye vuto lake limenelo." Ine ndimayesa andiyamikira kulimba mtima.

Anzanga ogona nawo. Kumanja, bedi 13, kuli Sir Quiambao, mphunzitsi wopuma, wa impso. Amadziwa chilichonse, ndipo chimene sadziwa amachifotokozabe. Kumanzere, bedi 15, kuli mdala woonda, Mang Densyo, timapaipi ta mpweya m'mphuno, bulangete mpaka m'chifuwa ngakhale kunja kukuwotcha. Gadiyani wake ndi mwana wake wamkazi, Marivic, amene wayala katoni pansi pafupi ndi ya Lagring. Mdalayo sindinamumvepo mawu.

Pamwamba pa chitseko pali TV. Sikisi koloko nesi wina anakweza mawu, ndipo ndinamva kalikhweru kaja kokwera katatu. Ndiko kankayambira sewero la pa TV la ubwana wanga. Tanso, Mlonda wa Kuthambo. Ndinamva ndithu kuti sewerolo alipanganso, koma sikisi koloko ine ndimakhala pamsewu, ndiyo nthawi ya anthu oweruka kuntchito. Zachita kutengera phazi kuwola kuti ndilionere.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Shuga 264. Apalanso. Atenga mafinya kukayeza. Chakudya: mpunga theka la kapu, nsomba yowiritsa yopanda mchere, nthochi imodzi yaing'ono ngati chala.

Popeza nthawi ndili nayo yambiri, ndayamba kusiyanitsa Tanso wa 1979 ndi watsopanoyu. Nkhani ndi yomwe ija: dziko lamira m'madzi, otsala akwera chombo kukafuna kwina, Kaputeni Marikit akuyendetsa, adani awo a Dilim akuwathamangitsa, ndipo zikafika pothina amatulutsa loboti, Tanso.

Kale chombo chinali chivindikiro cha poto wa mpunga, cholendewera pa ulusi wa mbedza. Ulusiwo tinkauona, koma tinkagwirizana kuti sitikuuona. A Dilim anali anthu atatu okha, akafa mbali ino ankalowanso mbali inayo. Lero chombo ndi mzinda wathunthu, ndipo nyenyezi zake n'zokongola moti dzulo ndinaiwala diripi. Pamenepo sindinama, atsopanowa apambana. Kaputeni watsopanonso ndamukonda, ali ndi mayi wake wogulitsa nsomba amene amamukalipira pamaso pa asilikali.

Koma Tanso wakale sankalankhula. Anali ndi magetsi pachifuwa: kuthwanima kamodzi ndiye inde, kawiri ndiye ayi, basi. Watsopanoyu pakamwa sipatseka, amachita kuponya nthabwala pakati pa nkhondo ngati woitanira pasiteji.

Chimodzi chokha sanasinthe. Akutsimphinabe mwendo wakumanzere.

Amene sanakhalepo chaka chimenecho sangamvetse. Sukulu yonse inkatsimphina. Belu likalira, ana mazana atatu tinkalowa m'kalasi tikuponya mwendo wakumanzere, aphunzitsi akukalipa. Amayi anga ankandikwapula ndi patapata, akuti ndikudziitanira tsoka. Lagring atamva zimenezi lero anangoyang'ana bandeji yanga.

Funso limene ndakhala nalo kuyambira ndili mwana ndi ili: Tanso ankatsimphiniranji? Sewero lakale silinanene, ngakhale kamodzi. Mu 1980 anamubweretsa kuphwando la tchalitchi kwathu ku Marikina. Ndinali ndi zaka khumi. Ndinadutsa kunsi kwa chingwe n'kumugwira mwendo womwewo. Unali wotentha, wonunkha fungo lobaya m'mphuno ngati m'garaja ya bambo anga. Kenako m'kati mwake ndinamva munthu akutsokomola. Ndinauza aliyense, ndipo aliyense anandiseka.

Sir Quiambao naye wandiseka. "Mang Temyo, loboti ija inachokera ku Japan, ankaiyendetsa ndi limoti. Kutsimphinako n'chifukwa inagwa padoko poitsitsa. Ndinawerenga." Ndafunsa anawerenga kuti, akuti ndi kale. Woti atiweruze palibe, chifukwa a TV aja matepi onse anajambulirapo mpira.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Shuga 240. Kutentha 38.2. Andijambula fupa, kenako andiyendetsa kamakina pamwendo komvera mmene magazi akuyendera. Pabondo kankalira shuu shuu shuu. Pakakolo kanangoti zii. Mnyamata woyezayo anayesa kanayi, kenako anandifunsa ngati ndili ndi ana.

Lagring wabweretsa m'botolo madzi a ampalaya, chipatso chowawa chonga nkhaka, akuti amatsitsa shuga. Kuwawa kwake munthu ungaulule machimo onse.

Madzulo Tanso akuyenda pamwamba pa chombo, Mang Densyo walankhula koyamba. Osayang'ana aliyense anati, "Akuponya molakwa."

Ndati, "Chiyani, Mang Densyo?"

"Akupinda bondo. Ujawu suyambira pabondo. Umayambira m'chiuno."

Ndinayang'anitsitsa, ndipo mdalayo sananame. Watsopanoyu amatsimphina ngati munthu wopondedwa chala. Wakale ankaukokera mwendo wonse cham'mbali n'kuuponya kutsogolo, phewa likutsika. Ndikudziwa chifukwa ndinauyeserera zaka zitatu. Ndati tikambirane, koma iye anali atatseka kale maso.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndilemba monga ananenera.

Dokotala Sarmiento: fupa la chidendene lalowa matenda. Magazi sakufika kuphazi, choncho mankhwala a m'diripi sakufikanso. Afuna kudula m'munsi mwa bondo. Akachedwa, adzadula pamwamba pa bondo. Akachedwanso, poizoni adzalowa m'magazi, ndipo pamenepo za mwendo sitidzakambanso. Pepala lasiyidwa pakabati kuti ndisaine.

Ndati, "Dok, mwendo umenewu ndi wa klatchi."

Akuti, "Ndikudziwa, Tatay."

"Ndiye ndikadula ndizidya chiyani, chithunzi cha jipni?"

"Ndikupatsani mpaka Lachinayi. Kupitirira pamenepo sindilonjeza kanthu."

Sindisaina. Ndinabwera ndi miyendo iwiri, ndituluka ndi iwiri. Pepalalo ndaikapo kapu ya madzi.

Tanso sindinaonere bwino lero.

Loweruka, 9 Ogasiti

Shuga 255. Kulibe Tanso Loweruka ndi Lamlungu.

Anzanga a pamsewu anabwera atatu, ndi pandesal, buledi wathu wa timabanzi, yodzaza jumbo imene sindiloledwa kudya. Anaidya okha. Boyong, amene akuyendetsa jipni yanga masiku ano, anati, "Usalole, pare, mnzanga iwe. Madokotala awa akangoona mpeni manja amawayabwa." Wandisiyira mafuta odalitsidwa ochokera kwa mayi wina wa ku Quiapo. Potuluka ndinaona kuti onse atatu amapumira pakamwa. Fungo lafika pamenepo.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Kutentha 38.9. Jhoanna, mwana wathu wa ku Dubai, analira pafoni mphindi khumi. Ndamuuza kuti ndili bwino.

Lagring sakundilankhula. Akundipukuta, akundidyetsa, koma osalankhula.

Lolemba, 11 Ogasiti

Shuga 290. Kufiira kwakwera, nesi walemba mzere ndi bolopeni pamsongolo kuti tione ngati kupitirire.

Lero atsopanowa ayankha funso langa. Gawo lonse linali la mwendo wa Tanso. Akuti kalekale, pankhondo ya kumwezi wofiira, anatchinga chitseko cha moto ndi mwendo wake mpaka ana zikwi khumi anadutsa, ndiye unapindika. Nyimbo zachisoni, Kaputeni kulira, ndipo mtsikana wina wasayansi walumbira kuti adzaukonza. Kunena zoona anachita bwino, ine m'maso munadzaza.

Sir Quiambao anati, "Mwaona? Ngozi. Ndinanena ine."

"Munati padoko, Sir."

"Doko, mwezi, mfundo ndi imodzi."

Pamenepo tinamva phokoso kubedi 15. Tinayesa mdala akubanika. Marivic anadzuka msangamsanga, koma ayi, bambo ake anali kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, nesi anachita kukweza mpweya. Atapezako bwino anangoti, "Ana zikwi khumi," n'kuyambanso.

Mdala uyu pali chimene akudziwa. Safunsa anadya phula, mawa ndimufunsa.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Shuga 276. Kufiira kwadutsa mzere wa bolopeni ndi zala ziwiri. Koma lero ndilemba zambiri, dzanja lifune lisafune.

M'mawa akusintha nsalu, Marivic anachotsa bulangete la bambo ake. Mwendo wakumanzere umathera m'munsi mwa bondo. Sabata yathunthu ndagona pafupi naye osadziwa. Kenako anatulutsa pansi pa bedi mwendo wapulasitiki wovala nsapato yakuda n'kuyamba kuupukuta ngati mbale.

Mang Densyo anandiona ndikuyang'ana. Anati, "Funsa, pare. Maso ako akundisowetsa tulo."

Nkhani yake ndi iyi, anainena pang'onopang'ono, akupumira pakati. Mwendo unapita ali ndi zaka 17, podumphira sitima ku Tondo. Anapeza ntchito yosesa pagaraja ina yopanga majipni. Tsiku lina a TV anabwera kudzaoda loboti yamalata yoti munthu azilowamo, ya magetsi pachifuwa ndi utsi wotuluka m'mapewa. Amisiri anaikhoma bwinobwino ndi malata omwewo a jipni. Vuto linali batire. Magetsi aja ankafuna batire ya galimoto, ndipo poiika panalibe. Anaiika kumsana, munthu anagwa chagada. Anaiika pamimba, munthu analephera kuwerama. A TV akubwera mawa lake.

"Ndiye kapitawo anandiona ndikusesa ndi ndodo yanga. Anandiyang'ana, anayang'ana batire, n'kunena kuti, Densyo, tabwera kuno, iwe uli ndi malo ongokhala."

Batire anaiika m'mwendo wakumanzere wa loboti, pamene pakanakhala msongolo wa munthu, n'kuumangirira kuchitsa chake ndi malamba. Makilo khumi ndi awiri. Sungaukweze ndi bondo, umachita kuuponya kuchokera m'chiuno. Kutsimphina konse kumene dziko linayeserera kunali mnyamata wosesa akukoka batire.

Kenako ndinati, "Ku Marikina, 1980. Ndinakugwirani mwendo."

"Ana ondigwira mwendo anali mazanamazana, usadzinamize kuti ndingakukumbukire. Koma wotsokomolayo ndinali ine. Paipi ya utsi inkabwezera m'kati."

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndakhala ndikusekedwa. Abale inu, kukoma kwake.

Dzina lake silinalembedwepo pa TV. Anamusainitsa kuti asauze munthu, ana azikhulupirira kuti Tanso ndi chitsulo chokhachokha. Pantchafu ali ndi chipsera chachikulu, pamene asidi wa batire anatayikira tsiku limene anagwa akujambula. Gawo limenelo ndikulikumbuka, magetsi a pachifuwa anazima ndipo ife tinalira kuti Tanso wafa. Akuti iye m'katimo ankakuwa, koma malata anali okhuthala.

Sir Quiambao anamva zonse akunamizira kuwerenga nyuzipepala. Anati, "Nkhani yabwino. Umboni?" Marivic anatsegula foni n'kumupatsa. Chithunzi chakale: mnyamata woonda wakhala pabenchi, thukuta lili kamukamu, mutu wa Tanso uli m'khwapa, mwendo wamalata waima pawokha pambali, mawaya akulendewera. Sir anayang'ana mpaka foni inazima yokha. Pobweza anati, "Ndinkakayikira ndithu kuti si ya ku Japan."

Lachitatu, 13 Ogasiti

Kutentha 39.7. Kunjenjemera. Asintha mankhwala a m'diripi. Dok anangoyang'ana pepala lili pansi pa kapu.

Lagring walankhula. Akuti, "Temyo, ine ndinakwatiwa ndi iwe, osati ndi phazi. Ukafuna kulitsatira kumanda undiuziretu, ndikachape diresi lakuda."

Ndikuopa. Ndalemba.

Lachinayi, 14 Ogasiti

M'mawa thupi linazizirako pang'ono, 38.4. Magadiyani atapita kukatunga madzi otentha ndinatembenukira kubedi 15.

"Mang Densyo, kodi munthu amazolowera?"

"Ayi. Amaphunzira."

"Mutasiya za Tanso munatani?"

"Ndinabwerera kugaraja. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndikupenta majipni, mwina ndi yako yomwe. Penti ndiye wandidya mapapowa, osati mwendo. Ndinakwatira telala amene ankasoka mapilo a m'kati mwa loboti. Ana asanu. Mwendo sunandiletsepo chimenecho, monga ukuonera."

"Nanga klatchi?"

Anaganiza kaye. Ndinamukonda chifukwa sanathamangire kunditonthoza. "Za klatchi sindikudziwa, pare, sindinayendetsepo galimoto. Chimene ndikudziwa n'chakuti wakufa sapondanso klatchi." Anapuma kangapo, kenako anati, "Ndipo iwe ndiwe wodabwitsa. Uli mwana unkakwapulidwa chifukwa chofuna kuyenda ngati ine. Lero akukupatsa, ukukana."

Ndinaseka, kenako kusekako kunasanduka china. Iye anayang'ana kudenga mpaka ndinamaliza.

Teni koloko Dok atabwera ndinachotsa kapu. Pepala linali ndi chizindikiro chozungulira cha madzi, koma akuti lilibe vuto. Ndasaina. Mawa seveni koloko. Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ndine Lagring ndikulemba, wandituma dzulo kuti tsiku lisadumphe. Analowa 7:20, anatuluka 9:45. Anamubaya pamsana, sanamugonetse tulo. Adula m'munsi mwa bondo monga ananenera, bondo latsala. Magazi botolo limodzi. Shuga 198. Wasanza kawiri. Madzulo anafunsa kuti Tanso zatha bwanji, ndamuuza kuti sindinaonere, ndinali ndi wanga wondivuta. Zikomo Ambuye.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Kutentha 37.3. Kupweteka kulipo, jekeseni maola asanu ndi limodzi alionse. Sindinayang'anebe pansi pa nsalu.

Mwendo anaupereka kwa Lagring dzulo, wokulungidwa bwino m'bokosi, ndi kalata yake ya kumanda. Boyong ndiye anawatenga pa jipni yanga kupita ku Marikina, ndipo auika pamwamba pa manda a amayi. Wakwera jipni yanga komaliza utakhala kutsogolo ngati bwana, osaponda kanthu. Amayi aulandira ndi mawu amene ndikuwadziwa kale: ndinakuuza.

Mang Densyo akuti wake uli ku Tondo, wamudikira zaka makumi asanu ndi chimodzi. "Uleza mtima kuposa mkazi."

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Shuga 162, nambala imene sindinaionepo chibwerereni. Ndayang'ana. Chitsacho ndi chachifupi kuposa mmene ndinkaganizira, chomangidwa bwino ngati mtolo. Ndinalira pang'ono, kenako phala la mpunga linabwera.

Chodabwitsa n'chakuti chala chachikulu chikuyabwa. Chala chimene chili ku Marikina. Ndinauza nesi, akuti zimachitika. Mang Densyo akuti, "Kanda chakumanja pamalo omwewo, uku ukuyang'ana. Mutu ndi wopusa, umakhulupirira." Ndayesa. Zathandiza theka.

Wandiphunzitsanso zina. Osaika pilo pansi pa bondo, lingapindikiretu. Kugona chafufumimba kawiri patsiku. Bandeji kuimanga mopingasa, osati mozungulira. Podzuka m'mawa kuyamba ndakumbuka kuti mwendo kulibe ndisanaime, chifukwa aliyense amagwa kamodzi ndipo iye anagwa kasanu. Mtsikana wophunzitsa zolimbitsa thupi atabwera masana ananena zomwezo, koma ndi mawu ataliatali.

Mdalayo mpweya wake wafupika. Chiganizo chimodzi akuchidula patatu.

Tanso sabata ino ndi wabwino, ndivomere. A Dilim apezeka kuti nawonso dziko lawo linamira, akungofuna pokhala. Akale aja sankatiuza chifukwa, anali oipa basi, mwina poti anali atatu okha ndipo analibe nthawi.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Shuga 150. Ndaima ndi ndodo ziwiri, masekondi makumi awiri, chizungulire. Ulusi achotsa sabata yamawa.

Gawo lomaliza. Wodi inadzaza, a m'wodi ina anabwera ndi madiripi awo, manesi ataima pakhomo. Chombo chafika padziko latsopano, lobiriwira. Mtsikana wasayansi uja wasunga lonjezo: wamuikira Tanso mwendo watsopano wonyezimira. Tanso waima, waponda, wayenda mowongoka, kenako wathamanga m'udzu ana akumutsatira. Nyimbo, mayina.

Achinyamata anaomba m'manja, nesi mmodzi akupukuta misozi. Ife a imvi tinangokhala. Sir Quiambao anati, "Amuwononga. Ameneyo si Tanso, ndi firiji yothamanga."

Ine ndinali pakati. Anthuwa anachita mwa chifundo, anaona chopindika n'kufuna kuchiwongola. Ndipo ine amene, wina atabwera lero ndi mwendo wonyezimira, kodi ndingakane? Komabe mumtima munali ngati andilanda kanthu.

Ndinafunsa mwini wake, Mang Densyo. Anati, "Musiyeni athamange. Mulibe munthu m'menemo."

Ndinafunsanso kuti lakale linatha bwanji, chifukwa ine mathero ake sindiwakumbuka. Akuti silinathe. A sopo amene ankalipirira anasiya, iye anapita Lolemba n'kupeza chitseko chotseka. Chombo chakale chija sichinafike kulikonse, chikadali m'njira.

Loweruka, 23 Ogasiti

Mang Densyo wapita kwawo. Madokotala anauza Marivic dzulo kuti chimene angachite chatha, ndipo mdala anati ngati ndi choncho akadikirire pakhonde pake, pamene amaona msewu. Asaina okha pepala lotuluka.

Anabweretsa njinga ya odwala. Iye anaikana ndi dzanja, n'kuloza pansi pa bedi. Marivic anati, "Tatay, simungathe." Analozanso. Anamuveka mwendowo, anamanga, anamuimiritsa, Marivic atanyamula kabotolo ka mpweya kumbuyo.

Kuchokera pabedi 15 kufika pachitseko ndi mapazi khumi ndi awiri, ndinawerenga. Anakokera mwendo cham'mbali, kuuponya kuchokera m'chiuno, phewa kutsika. Kukoka, kuponya, kutsika. Mwendo wapulasitikiwo sulemera n'komwe, koma thupi linasunga batire ija. Ndiye kubedi 13 kunamveka kalikhweru kokwera katatu. Anali Sir Quiambao, uja wa nkhani ya ku Japan.

Ali pachitseko, pansi pa TV, ndinati, "Mang Densyo, tionananso?"

Mpweya wolankhulira analibe. Anatembenuka, anandiyang'ana, n'kudzigogoda ndi chala pachifuwa, pamene pankakhala magetsi a Tanso. Kamodzi. Ndinayamba kumwetulira. Kenako kachiwiri.

Atatero anakhala panjinga ija, Marivic n'kumukankha.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Achotsa ulusi, chilonda chauma bwino. Shuga 141. Ndikutuluka masana ano. Inshulini m'mawa ndi madzulo, kubwera kudzaonedwa milungu iwiri iliyonse, mwendo woikira pakatha miyezi itatu kapena inayi chitsa chikaphwa. Jipni ayendetsabe Boyong. Za klatchi palibe amene wandiyankha, ndipo ndasiya kaye kufunsa.

Pabedi 15 pabwera munthu wina, wa chiwindi. Sir Quiambao wayamba kale kumufotokozera za batire, ngati anaimanga yekha.

Lachiwiri, 9 Disembala

Kope ili ndalipeza m'chikwama cha mapepala a chipatala, ndiye ndilembemo kamodzi kena. Shuga 128.

Marivic anatumiza uthenga mu Seputembala. Mang Densyo anatisiya Lamlungu lina masana, ali pakhonde. Akuti anakatenga mwendo uja ku Tondo, timafupa tochepa m'kabokosi, n'kuwaika pamodzi.

Lero andiveka wanga woikira. Ndi wopepuka, wolemera ngati botolo la madzi. Mtsikana wophunzitsa kuyenda, dzina lake Charisse, sanafike zaka makumi atatu, anandiimika pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira, Lagring ali kumapeto ndi foni kuti Jhoanna aone. Anati ndipinde bondo, ndiponde ndi chidendene, ndiyende bwinobwino.

Ndinaponda koyamba. Kachiwiri. Kachitatu anandiimitsa.

"Tatay, musamauponye kuchokera m'chiuno. Si wolemera. Pindani bondo basi."

Ndinayesanso. Mapazi awiri anayenda monga akufunira, lachitatu chiuno chinayamba chokha, phewa n'kutsika. Lagring anatsitsa foni n'kugwira pakamwa.

Charisse anaseka, manja m'chiuno. "Koma Tatay, tsiku loyamba lomwe muli kale ndi chizolowezi? Mayendedwe amenewa anakuphunzitsani ndani?"

Ndati, "Mwini wake."